Bokosi la Bambo Litaima pa Golosale ya Che Yusufu

Ndinadzuka kusanache, mwendo umodzi utachita dzanzi chifukwa mayi wina wa kwaya anausandutsa pilo. Kunena zoona sindinagone. Pasiwa munthu umangotseka maso, makutu ali ku nyimbo. Bambo anga, a Jailosi a ku Lirangwe, anali m'bokosi pabalaza, mayi atakhala pamphasa chakumutu kwawo. Anamwalira atakalamba ndithu, ataona ana a zidzukulu zawo, ndiye maliro ake sanali a misozi yokhayokha. Makwaya analandizana mpaka mbandakucha, ndipo pena amayi ena ankadzuka n'kuvina pang'ono kuti tulo tichoke.

Nditatuluka panja ndinapeza amuna akadali pamoto, atafunda majekete, akukangana za mtengo wa feteleza. Wina amati boma lawononga ndalama, wina amati lapeza zowonongeka kale. Ndinaseka ndekha. Bambo akanatha kudzuka, akanatuluka ndi bulangete n'kukakhala pakati pawo.

Kuseri kwa nyumba amayi anali atayamba kusonkha moto pa mafuwa. Ena amasankha nyemba, ena amadula kabichi, ena anali atapita kale kumjigo. Ndinali ndisanasambe n'kumaso komwe pamene anandiuza kuti mayi akundiitana.

"Make Esinati, Che Yusufu afika?"

"Ayi mayi, sindinawaone."

"Bambo ako asalowe m'manda munthu uja asanabwere. Wamva?"

Ndinati ndamva, koma mumtima ndinati, abale inu, ntchito yonse ili pano mwandisankhira yovuta yokhayokha.

Che Yusufu ndi Msilamu wa m'mudzi mwathu momwemo, ali ndi kagolosale m'mbali mwa njira yopita kumanda. Iwo ndi bambo anakulira limodzi, ankadyetsa mbuzi limodzi, ndipo atakalamba anadzipezera ntchito imodzi, yokangana za dziko. M'mawa uliwonse bambo ankavala jekete lawo lakhaki ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chipewa kumutu, ndodo m'manja, ulendo wa ku golosale. Sankagula kanthu. Ankangokhala pabenchi n'kuyamba.

Nkhani inali imodzimodzi chaka ndi chaka. Dziko lamira m'ngongole, kwacha yatha mphamvu, mafuta a galimoto akusowa, shuga wakwera, wolakwa ndani. Wina ankati olamulawa ndi owononga, angodziwa mdipiti wa galimoto ndi maulendo akunja. Winayo ankati iwo alakwanji, amene analipo kale ndi amene anakongola n'kusiya mphika wopanda kanthu. Boma litasintha, akuluakulu awiriwa anangosinthana mawu ngati asinthana malaya, ndipo panalibe amene anavomera kuti dzana ankanena zina. Ndege ikamadutsa kuchokera ku Chileka, bambo ankailoza ndi ndodo n'kunena kuti, "Onani Che Yusufu, ngongole yanu iyo ikuuluka." Akatopa ankagawana tiyi wa m'fulasiki, mawa n'kuyambiranso.

Zinavuta nthawi yachisanu chaka chimene bambo anamwalira. Mwana wa Che Yusufu anali atapeza ntchito yoyendetsa bwana wina wa m'boma m'tauni. Tsiku lina mkangano utatentha, bambo anati, "Inu mukuwaikira kumbuyo chifukwa mukudya nawo." Ananena pamaso pa anthu ogula. Che Yusufu ndi munthu woti akakupatsa chenji choperewera amakutsatira mpaka kwanu, ndiye mawu amenewo anawalasa. Anaimirira n'kunena kuti, "Chokani pakhomo panga. Ngakhale mutafa, phazi langa silidzaponda pamaliro panu." Bambo anatola ndodo n'kubwerera kunyumba. Pasanapite nthawi chifuwa chinawagwira, tinayenda nawo m'zipatala, ndipo anamwalira awiriwa asanalankhulane.

Kwathu kuno mawu otere sathera pomwe anenedwa. Pasiwa pomwepo ndinamva anthu akunong'ona kuti, anadziwa bwanji mkuluyo kuti mnzake afa. Mchimwene wanga Lakisoni, amene amakhala m'tauni ndipo mtima wake uli pafupi, anali atalengeza kale kuti munthuyo akapanda kubwera, ife tisadzapondenso kwawo, kaya ndi maliro kaya ndi ukwati, ngakhale mchere tizikagula ku Mdeka. Mayi ankadziwa kuti bokosi likatsika Che Yusufu palibe, mabanja awiri atha pamenepo, ndipo manong'onong'o aja adzamatirira nkhalamba yosalakwa mpaka tsiku lake.

Ndinamanga chitenje n'kunyamuka kukungoyera. Chifukwa chopitira ndinali nacho. Pakhomo pathu mbuzi iliyonse ya pamwambo ankazinga ndi Che Yusufu, kuti Asilamu ndi Akhristu tidye m'mbale imodzi. Ndinawapeza atakhala pakhonde la kuseri, atangochokera kumzikiti. Anali ataonda. Ndinagwada chapatali n'kuwapatsa moni.

"Bambo, mbuzi ikudikira mpeni wanu."

"Mnyamata wanga abwera azinge."

"Mayi akufuna inuyo."

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Mwanangu, ndinalankhula pagulu. Anthu anamva. Ndikafika paja aziti wabwera kudzaona ngati zatheka. Nkhope imeneyo ndiitenga kuti?"

Ndinayesa uku ndi uku. Ndinawauza kuti akazi awo agona nafe pasiwa ndipo ndi amene akuyang'anira mpunga. Anati akudziwa, anawatuma ndi iwowo. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Chileka, ndimatha kumugulitsa munthu juzi mwezi wa Okutobala, koma nkhalamba iyi inandikanika. Ndinabwerera manja lende, mkwiyo ndi chisoni zitasakanikirana. Mayi atandiona pakhomo sanafunse n'komwe.

Dzuwa linatuluka ndi ukali wake wonse. Anyamata anali ataika masamba pamsewu, okumba manda anali atapita ndi makasu awo, ndipo phala lawo linawatsatira m'ndowa. Anthu anayamba kufika. A ku Chigaru anabwera wapansi m'magulumagulu, amayi atasenza nkhuni ndi timabeseni ta ufa. A ku Mdeka anabwera pa njinga. A kutali ndi amene anaona zakuda, chifukwa sabata imeneyo mafuta kunalibe, maminibasi ambiri anali pamizere m'tauni. Ena anakwera kabaza atatuatatu. Anzanga a kumsika ku Chileka anapempha lole ya mchenga, ndipo anatsika ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayamba kulira ali kumsewu monga mwa mwambo, koma atayang'anana nkhope kulira kuja kunasokonekera.

Pansi pa mitengo ya mango panadzaza, ena anakhala m'munda mwa nandolo. Aliyense wofika ankalowa kukapepesa mayi, akatuluka n'kuyamba kudandaula za ulendo. Ukadutsa apa umva za mafuta, ukadutsa apo umva za ndalama zakunja zimene akuti zasowa, anthu oti dola sanaigwirepo chibadwire. Ine ndinkangoyang'ana kunjira. Mkanjo woyera uliwonse ukaonekera ndinkasuzumira, koma ankakhala munthu wina.

Anthu atadya, mwambo unayamba. Analankhula a kubanja, analankhula a mfumu mwachidule. Kenako kunaimirira akuluakulu awiri a zipani, amene palibe anawaitana. Woyamba anati malemuwa anali munthu wawo, ndipo amwalira ndi chisoni poona mmene olamula akumwazira chuma cha dziko. Wachiwiri anati ayi, malemuwa ankadziwa bwino amene anatikongolera ngongole zimene tikubwezazi. Atayamba kufotokoza za bajeti, mayi wina wa kumpingo anangoyambitsa nyimbo, gulu lonse n'kuvomera. Mkulu uja anayesa kukweza mawu, koma amayi a ku Lirangwe akafuna kuti ukhale pansi umakhala. Anapinda kapepala kake akumwetulira ngati anamaliza yekha.

Tsono kwathu, akamwalira munthu wokalamba, zidzukulu zimakhala ndi ufulu wochita zachibwana. Zimavala zovala za malemu, kuyenda ngati iwo, kulankhula ngati iwo, ndipo zikafuna zimaimitsa bokosi panjira mpaka zitapatsidwa kenakake. Palibe amaziletsa, ngakhale abusa. Anthu ataona nkhope, bokosi likutuluka, m'nyumba munatulukanso mwana wanga Esinati. Ndi mayi wa ana ake, amagulitsa tomato ku Mdeka, koma manyazi anawasiya m'mimba mwanga. Anali atavala jekete lakhaki lija, chipewa, thalauza la bambo atalimanga ndi chingwe, ndodo m'manja. Anawerama pang'ono, kutsokomola kawiri, n'kuyang'ana gulu lonse monyoza ndendende mmene ankachitira agogo ake.

"Anthu onsewa ntchito alibe?" anatero ndi mawu a bambo. "N'chifukwa chake dziko silikutukuka."

Anthu anagwa nacho chiseko. Mayi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Ndikuganiza kuti zinali zonse.

Tinanyamuka. Kutsogolo amayi a kumpingo ndi nkhata, kenako Esinati ndi zidzukulu zinzake, kenako bokosi pamapewa a amuna, Lakisoni ali kutsogolo kudzanja lamanja. Ine ndinali pambuyo nditagwira mayi mkono. Fumbi linali tolo, thukuta lili kamukamu, koma chakumadzulo mitambo inali itayamba kusonkhana. Mayi ankayenda mokoka miyendo. Ndinadziwa kuti si kutopa, akuchedwetsa ulendo.

Titafika pa golosale ya Che Yusufu, chitseko chinali chotseka, benchi ili pakhonde yokhayokha. Nyimbo inapitirira, koma Esinati anapatuka. Anakweza ndodo, zidzukulu zinzake zinatchinga njira, bokosi linaima. Iye anakwera pakhonde mwaukalamba, kukhala pabenchi, n'kugogoda chitseko ndi ndodo.

"Odi kuno, Che Yusufu. Mwamva wailesi m'mawa uno? Akongolanso."

Nyimbo inazima. M'nyumba munali zii.

"Akuti akongola kuti abweze ngongole ija anakongola kuti abweze inzake ija. Ine ndanyamukatu, ndiye ndati ndifunse, gawo langa atsala akubweza ndani?"

Anthu anayamba kuseka chamumtima, akuyang'ana chitseko. Khwangwala anadutsa m'mwamba, Esinati n'kumuloza ndi ndodo.

"Onani, ngongole yanu iyo ikuuluka. Apitanso kunja kukagona m'mahotela."

Chitseko sichinagwedezeke. Mkulu wa mpingo anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana ine ngati ndine ndamutuma mwanayo. Lakisoni anati chapansipansi, "Tiyeni tizipita, tikudzinyozetsa apa." Mayi anandifinya mkono mpaka kuwawa.

Esinati anatsokomola, kuwongola jekete, n'kuyamba kulankhula mofatsa ngati akuuza ana.

"Anthu anga aja pochoka anasiya nkhokwe zili tho. Misewu yonse ya tala. Mankhwala m'zipatala mpaka kusowa poika. Ngongole sanasiye ngakhale ya mchere. Zonsezi ayambitsa ndi anuwa."

M'kati munamveka mpando ukukankhidwa.

"Bodza."

Loko analira, chitseko chinatseguka, Che Yusufu anatuluka opanda nsapato, maso ali psu.

"Bodza limenelo. Ndalama za msewu uja mpaka lero uli fumbi anakongola ndani? Si anthu anuwo?"

"Nanga anuwa aumanga? Angobzalapo chikwangwani."

"Aumanga ndi chiyani, msonkho wonse ukuthera kubweza chiwongoladzanja cha ngongole zanu?"

"Koma ya ma alawansi ndiye imapezeka, eti?"

"Ma alawansi anayamba lero? Nthawi yanu ija ankagona pamphasa?"

"Ife tinkadya pang'ono, n'kusiyako."

"Munasiya chiyani? Mbale?"

Apa ndiye gulu linaphulika. Amuna amene anagona pamoto aja anayamba kuponyamo zawo, awa mbali iyi, awa mbali iyo. Mayi wina kumbuyo anati onsewo ndi amodzi, atitsitsire shuga basi. Akuluakulu a zipani aja anayesa kuyandikira, anthu anawabweza kuti iyi si yanu, eni ake alipo. Mmodzi wa onyamula bokosi anati, "Agogo, fulumirani, mukulemeratu kuno." Ngakhale abusa anatembenukira kumbali akupukuta m'maso. Ine ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa, pamaliro a bambo anga ondibala, ndipo sindichita nazo manyazi.

Che Yusufu anali atayandikira benchi, chala chili m'mwamba.

"Inu Che Jailosi, vuto lanu ndi lakuti simumva. Chiyambire tili anyamata..."

Anathera pomwepo. Maso awo anachoka pa jekete lija n'kupita pa bokosi limene linali pamapewa a anthu, pakhomo pawo penipeni. Chala chija chinatsika pang'onopang'ono. Chiseko chinatha chokha, kunangotsala kulira kwa mwana wina kumbuyo.

Esinati sanavule chipewa. Anaimirira, kutsamira ndodo, n'kulankhula motsitsa, mawu akadali a agogo ake.

"Che Yusufu, za kudya nawo zija ndinalakwa. Pakamwa panathamanga. Inu cha munthu simunadyepo, ndikudziwa. Tiyeni mundiperekeze, dzuwa likupita."

Nkhalamba ija inamuyang'ana Esinati. Kenako inatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ndinati basi, tamuchititsa manyazi munthu pagulu, zathera pompa. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja kuti nyimbo iyambe, koma mayi anati, "Dikirani."

Che Yusufu anatulukanso atavala mkanjo woyera, kofia ndi nsapato. Anabwera kwa mayi, kuwerama, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Kenako anapita ku bokosi. Ndinayang'ana Lakisoni, chifukwa ndimamudziwa. Anayang'anizana nawo kanthawi, kenako anasendera m'mbuyo pang'ono n'kuwasiyira malo akutsogolo. Kulemera konse kunatsalabe paphewa la Lakisoni, Che Yusufu anangoikapo dzanja, koma anayenda choncho mpaka kumanda. Amene ankanong'ona usiku aja ndi amene anayimba mokweza kuposa onse.

Kumanda zinayenda mwachangu chifukwa mphepo inali itayamba. Abusa anapemphera, bokosi linatsika, mayi anaponya dothi, ife ana tinaponya. Che Yusufu anaponya lawo n'kuima pambali akupemphera chamumtima m'chipembedzo chawo, manja ali chotambasula. Anyamata akukwirira, kunagwa timadontho tochepa, tongonunkhiritsa dothi, anthu n'kuyamba kukangana ngati imeneyi ndi yobzalira kapena yonamiza. Esinati anavula jekete ndi chipewa n'kundipatsa, ndipo pamenepo ndi pamene analira, kulira kwenikweni, mpaka anzake anachita kumugwira.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. A lole ya mchenga anapeza ina yobwerera, a njinga anathawa mitambo. Kuseri kunatsala mafuwa akuda ndi mapoto obwereka atavundikiridwa, agalu akununkhiza. Pabalaza pamene panali bokosi panaoneka pakakulu. Achibale otsala anagona m'zipinda ngati awomberedwa, Esinati ali pakati pawo. Mayi anakhala pakhonde atatambasula miyendo, ine ndikuwathira tiyi.

Dzuwa likulowa tinamva odi. Anali Che Yusufu. Lakisoni anawatulutsira mpando n'kulowanso m'nyumba. Ndinawathira tiyi, analandira, koma anangogwira kapu osamwa.

"Mayi," anatero, "ndifunse chinthu chimodzi. Mawu aja ananena mwana panjira paja, anali a m'mutu mwake, kapena anali a Che Jailosi?"

Ine ndinaimitsa dzanja pa fulasiki, chifukwa funso limenelo linali likundivuta nanenso.

"Anali a eni ake," anatero mayi. "Ananena ali gone m'chipindamo, Esinati akuwamwetsa phala. Anati akangopeza mphamvu m'miyendo abwera okha kudzanena. Mphamvuzo sizinabwere."

Che Yusufu anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Koma anatinso tikuuzeni," mayi anapitiriza, "kuti pa nkhani ya ngongole ija sanasinthe maganizo. Olakwa ndi anthu anu."

Nkhalamba ija inaseka mpaka tiyi kutayikira pa mkanjo. Inaseka, kuseka kuja n'kusanduka kwina, ndipo inavula kofia n'kuphimba nayo kumaso. Ife tinangoisiya.

"Ndiye ndi iwodi," anatero atapeza mawu. "Munthu wosamva uja."

Anapukuta m'maso, kuvala kofia, n'kumwa tiyi uja yense atazizira kale. Kenako anandipatsa kapu kuti ndiwonjezere.